Mlendo wa Nyengo ya Chisanu Amabwerera Kumene Anadya Bwino

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wogulitsa chakudya wina akamva mwambi umenewu amaganiza zomukwezera mtengo mlendoyo lero, poti mawa sadzakhalapo. Amaiwala kuti mame aja amagwanso mawa lake. Pali alendo amene amafika nyengo imodzimodzi chaka ndi chaka, ndipo banja lofuna kupeza nawo phindu liyenera kuwatenga ngati anansi a miyezi ingapo. Mwezi uno tione mmene mfundo imeneyi imagwirira ntchito kwa banja la Chiadiventi logulitsa chakudya m'galimoto yokhala ndi khitchini.

Malo amene malonda otere amaoneka bwino ndi tauni ya Quartzsite, m'chipululu cha Arizona ku America. Kalembera wa 2020 anapeza kuti okhazikika kumeneko ndi anthu pafupifupi 2,400. Mu Juni, Julayi ndi Ogasiti kumatentha kupitirira madigiri 40, misewu ili zii. Koma kuyambira cha mu Novembala, kumpoto kwa America ndi ku Canada kukayamba kugwa chipale chofewa, anthu amatsetsereka ndi magalimoto okhala ngati nyumba, a bedi, bafa ndi pophikira momwemo. Pofika Januwale amakhala atakwana masauzande mazanamazana. Amawatchula kuti snowbirds, powafanizira ndi mbalame zothawa chisanu.

Alendowa samangodutsa. Pamalo a boma otchedwa La Posa, munthu akagula chiphaso amaloledwa kumanga msasa kuyambira pa 15 Seputembala mpaka pa 15 Epulo. Mu Januwale mumachitika misika ya miyala yokongola, ndipo umodzi mwa misikayi unayamba mu 1967. Mumachitikanso chionetsero cha masiku 9 cha magalimoto okhala ngati nyumba aja, m'tenti yaikulu. Magalimoto ogulitsa chakudya amakhamukira kumeneko, ndiye mpikisano umakhala waukulu. Kodi amene amakopa anthu amachita chiyani?

Choyamba, amadziwa amene akumuphikira. Ambiri mwa alendowa ndi achikulire opuma pantchito, odalira penshoni. Pa msinkhu umenewo matenda a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga ndi ofala, mano sakhalanso olimba, ndipo mbale yodzaza tho munthu saimaliza. Apa m'pamene banja lodziwa uthenga wa zaumoyo lili ndi mwayi woposa anzawo ogulitsa nyama yokazinga. Msuzi wotentha wa nyemba kapena mphodza, buledi wabulauni, ndiwo zamasamba ndi zipatso ndi chakudya chimene wachikulire angadye tsiku lililonse osadandaula usiku. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi kakang'ono. Choncho phikani ndi mchere wochepa, kukoma kuchokere ku anyezi, adyo ndi mandimu. Wofuna kuwonjezera adzathira yekha.

Umboni wa kadyedwe kameneka ulipo. Kafukufuku wa Adventist Health Study-2, amene yunivesite ya Loma Linda inayamba mu 2002 pakati pa mamembala a mpingo pafupifupi 96,000 ku America ndi ku Canada, anapeza kuti osadya nyama sadwala kwambiri shuga ndi kuthamanga kwa magazi poyerekeza ndi odya nyama. Koma zimenezi musazilalikire pawindo la galimoto. Munthu wanjala safuna ulaliki, amafuna chakudya chokoma. Mamembala a mpingo ku America ali ndi chakudya chawo chotchuka chotchedwa haystacks, chimene amasanja tchipisi cha chimanga, nyemba, letesi, tomato ndi zina, aliyense kusankha zimene akufuna. Chakudya chotere n'choyenera pagalimoto chifukwa sichichedwa, ndiponso amene dokotala anamuletsa chinachake amangochidumpha. Masamba savuta kupeza. Dera la Yuma, makilomita pafupifupi 130 kumwera, ndi limene limalima letesi wambiri amene amadyedwa ku America m'miyezi yozizira, ndipo kumalimidwanso zipatso za kanjedza.

Pali tinthu tina timene achinyamata satiganizira. Ikani mipando yotsamira ndi mthunzi. Lembani mitengo ndi zilembo zikuluzikulu. Gulitsani theka la mbale pa mtengo wotsika, ndipo musachite tsinya agogo awiri akagawana mbale imodzi. Chakudya chamadzulo chikhale chapsa dzuwa likadalipo, poti achikulire ambiri sakonda kuyendetsa galimoto mumdima.

Chachiwiri, pezekani pamalo amodzimodzi, nthawi imodzimodzi. Anthu a m'misasa amacheza madzulo akuwotha moto, amauzananso za malo odyera m'magulu a pa Facebook. Mmodzi akakhuta bwino, mawa amabwera ndi anzake. Koma akawatsogolera n'kupeza galimoto yasamuka popanda chidziwitso, wachita manyazi ndipo sadzakutchulaninso. Phunzirani mayina awo. Kumbukirani amene safuna tsabola. Ena mwa alendowa ndi amasiye, ana awo ali kutali, ndipo wogulitsa wowapatsa moni powatchula dzina amasanduka mbale wawo.

Chachitatu ndi ukhondo. Galimoto yotere imafunika chiphaso cha azaumoyo, koma chiphaso sichisamba m'manja. Chakudya chotentha chisungidwe pa madigiri opitirira 60, chozizira pa madigiri osafika 5, ndipo chophika chisakhale pamtunda maola opitirira awiri. Matenda otsegula m'mimba amene mnyamata amachira m'masiku awiri akhoza kugoneka wachikulire m'chipatala. Mbiri yabwino imayenda msanga m'misasa, yoipa imathamanga kuposa pamenepo.

Tsopano tifike pamene pamavuta. Loweruka ndi tsiku limene misika imadzaza, ndipo chionetsero cha m'tenti chija chimayamba Loweruka n'kutha Lamlungu la mlungu wotsatira. Ndiye kuti pa masiku 9 amenewo, awiri ndi a Sabata. Banja limene lalipira kale lendi ya malo limaona anzawo akuwerenga ndalama ilo litatseka windo kuyambira Lachisanu dzuwa litalowa, cha m'ma 6 koloko. Tisanamizane, ndalama imeneyo imatayikadi. N'chifukwa chake nkhani ya Sabata siyenera kukambidwa Lachisanu masana mzere wa makasitomala utafika patali. Bambo ndi mayi aigamule nyengo isanayambe, awerengere bajeti yawo pa masiku 6, ndipo afunse eni malo asanasaine ngati mgwirizano ukukakamiza kutsegula tsiku lililonse. Ngati ukukakamiza, afune malo ena.

Kenaka lembani pachikwangwani momveka bwino kuti mumatseka Lachisanu dzuwa lisanalowe ndipo mumatsegula Lamlungu m'mawa. Kasitomala sakwiya ndi tsiku lotseka limene akulidziwa. Chimene chimamukwiyitsa ndi kuyenda ulendo wachabe. Lachisanu m'mawa gulitsani buledi ndi msuzi woti akasunge m'firiji. Ku America komweko kampani ya Chick-fil-A imatseka Lamlungu lililonse potsatira chikhulupiriro cha woyambitsa wake, malemu Truett Cathy, amene anatsegula lesitilanti yake yoyamba mu 1946, komabe ili m'gulu la makampani akuluakulu ogulitsa chakudya m'dzikolo. Tsiku lawo si lathu, koma zikuonetsa kuti ogula amazolowera. Ena adzafunsa chifukwa chake, ndipo yankho laulemu la mawu ochepa limakwanira.

Chomaliza ndi ndalama. Pofika kumapeto kwa Malichi alendo amayamba kubwerera kumpoto, ndipo phindu la miyezi inayi kapena isanu liyenera kudyetsa banja miyezi 12. Nzeru ya Yosefe ku Iguputo, yosunga chakudya m'zaka za dzinthu zambiri, ndi yofunika pano. Mlungu uliwonse patulani chakhumi pa phindu, bwezerani mpamba, ikani padera ya kukonza galimoto, kenaka ya miyezi yopanda malonda. Yotsalayo ndiye ya pakhomo. Ndalama ya Januwale imanamiza, imaoneka ngati sidzatha.

Owerenga ambiri a danga lino sadzagulitsa ku Arizona, koma alipo amene amadalira alendo a nyengo, monga okwera phiri la Mulanje mu Juni ndi Julayi, kapena opita kunyanja mvula ikatha. Musanagule mapoto atsopano, khalani pansi ngati banja muyankhe mafunso atatu. Mlendo wathu ndi ndani ndipo thupi lake likufuna chiyani? Adzatipeza kuti, nthawi yanji? Nanga Sabata likafika pakati pa malonda otentha, tagwirizana kale chochita? Mukayankha mafunso amenewa nyengo isanayambe, mlendo wa chaka chino adzabweranso chaka chamawa ali ndi mnzake.