Ludzu si mphunzitsi wa kagalu

M'madera a mumzinda wa Lilongwe monga Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, galu si chiweto chongosangalatsa ana. Kwa banja lomwe silingakwanitse kulipira mlonda pakutha pa mwezi, galu ndiye mlonda. N'chifukwa chake ambiri akamva kuti galu wa a neba waswa amathamangira kukapempha kamodzi, pomwe ena amagula kwa anyamata ogulitsa tiagalu m'mphepete mwa misewu.

Sabata yoyamba imakhala ya chikondwerero. Ana amalimbirana kukanyamula ndi kukapatsa dzina. Koma pofika sabata yachiwiri nkhani imasintha. Mayi akadzuka mmawa amapeza kagalu kakodza pabalaza, mwinanso kachita chimbudzi pafupi ndi mphasa yomwe ana amagonapo. Apa mpomwe mabanja ambiri amalakwitsa. Ena amakakwapula ndi patapata, ena amakakhudzitsa mphuno pa zomwe kachitazo, ndipo ena amangogamula kuti kuyambira masana kasalawenso madzi kuti usiku kasakodze.

Njira zitatu zonsezi sizithandiza, ndipo yomana madziyo ikhoza kupha.

Kagalu ka miyezi iwiri sikakodza m'nyumba chifukwa cha mwano. Chikhodzodzo chake n'chaching'ono ndipo minofu yogwira mkodzo imakhala isanakhwime. Odziwa za agalu amawerengera kuti kagalu kamagwira mkodzo kwa pafupifupi ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake. Izi zikutanthauza kuti ka miyezi iwiri kamapirira maola awiri kapena atatu, pomwe ka miyezi inayi kamafika maola anayi kapena asanu. Kakakhala m'tulo kamapirira motalikirapo, komabe kuyembekezera kuti kagalu ka masabata 8 kagone kuyambira 8 koloko usiku mpaka kucha osakodza n'chimodzimodzi kugoneka khanda popanda thewera n'kumayembekezera kuti bulangete lidzuka louma. Tiagalu tambiri timayamba kugona usiku wonse tikafika miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi.

Nkhani ya madzi njosafunika kuseweretsa. Galu wamkulu amafuna mamililita pafupifupi 50 mpaka 60 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndipo kagalu kamene kakukula kamafuna oposa pamenepo. Galu sadziziziritsa ndi thukuta ngati munthu. Iye amapuma mwawefuwefu lilime lili panja, ndipo madzi ambiri a m'thupi mwake amathera pomwepo. M'miyezi ya Okotobala ndi Novembala, pomwe nyumba ya malata yopanda siling'i imatentha ngati uvuni, kagalu kokhala kuyambira masana mpaka mawa lake osamwa kanthu kakhoza kufooka msanga.

Ena amati madzi ngogula, ndipo nzoona kuti mabanja ambiri ku Mgona ndi ku Chinsapo amatunga pa makiyosiki ndi ndalama. Koma kagalu ka makilogalamu atatu sikamaliza ngakhale theka la lita patsiku. Kakamanidwa madzi abwino kamakamwa a m'ngalande kapena otuluka kubafa, kenako kamayamba kutsegula m'mimba, ndipo ntchito yokolopa imene banja limathawa ija imachuluka.

Chofunika ndi dongosolo. Masana onse madzi azikhala m'mbale yoyera pamthunzi. Chakudya chomaliza chiziperekedwa cha m'ma 5 kapena 6 koloko madzulo. Mbale ya madzi ikhoza kuchotsedwa kutatsala maola awiri kuti banja ligone, osati kuposa apo, ndipo izibwezeretsedwa kukangocha. Banja lisanagone wina azitulutsa kagaluko kuti kakadzithandize, ndipo m'masabata oyambirira munthu wamkulu azidzuka kamodzi pakati pa usiku kukatulutsanso. Iyi si ntchito yotuma mwana wamng'ono mumdima.

Pali nthawi zina pamene mbale ya madzi siyenera kuchotsedwa n'komwe. Usiku wotentha kwambiri, kapena pamene kagalu kakusanza kapena kutsegula m'mimba, madzi azikhala pafupi. Kagalu komwe kakuchita chimbudzi cha magazi, kakukana kudya ndipo kangoti lefu, kakhoza kukhala ndi matenda a parvo, omwe amapha tiagalu tosalandira katemera m'masiku ochepa. Kotere nkofunika dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Nako kagalu komwa madzi mopyola muyezo n'kumakodza pafupipafupi kakhoza kukhala kakudwala, ndipo mankhwala ake si kukamana madzi.

Kuphunzitsa kwenikweni kulibe matsenga. Banja lisankhe malo amodzi kuseri kwa nyumba, kutali ndi kophikira, chitsime ndi posewerera ana. Kagalu kazipititsidwa pamalopo kakangodzuka, kakangotha kudya ndiponso kakatha kusewera. Kakayamba kununkhiza pansi n'kumazungulirazungulira, ndiye kuti nthawi yakwana. Kakadzithandiza pamalo oyenera kaziyamikiridwa nthawi yomweyo ndi mawu okoma kapena kabonya kamodzi. Kakapezeka kakuyamba kukodza m'nyumba, kazingonyamulidwa kupita panja. Koma ngati mkodzo wapezeka patatha ola, kumenya n'kungotaya mphamvu, pakuti galu satha kulumikiza chilango ndi zomwe anachita kale. Chomwe amaphunzirapo n'kuopa dzanja la mbuye wake ndi kukabisala kuseri kwa mpando pofuna kudzithandiza. Pamalo poipitsidwa pazitsukidwa bwino ndi sopo chifukwa fungo lotsalira limakaitananso pomwepo.

Pogona pake pazikhala pochepa, monga katoni kapena dengu loyalamo chiguduli, pakuti mwachibadwa galu safuna kuipitsa pomwe amagona. Koma katoniyo ndi pogona chabe, osati ndende yotsekeramo kagalu tsiku lonse.

Alipo omwe anganene kuti zonsezi nzachizungu, pakuti kumudzi galu amagona panja ndipo palibe amamuphunzitsa kopita. Nzoona, ndipo agalu ambiri a m'tauni nawonso akakula amagona panja. Koma kumudzi kuli tchire ndi minda, pomwe ku Biwi kapena ku Kawale puloti imodzi imatha kukhala ndi mabanja angapo ogwiritsa ntchito bwalo limodzi, chingwe chimodzi choyanikira zovala ndi bafa imodzi. Galu wochita chimbudzi paliponse pamalo otere amadanitsa anthu ndi alandilodi komanso anansi. Kuonjezera apo, chimbudzi cha kagalu nthawi zambiri chimakhala ndi mazira a njoka za m'mimba omwe akhoza kulowa m'thupi mwa mwana wokwawa kapena wosewera padothi. Mwini galu ayenera kuwola chimbudzicho tsiku ndi tsiku n'kukataya m'chimbudzi chokumba, komanso kumwetsa kagaluko mankhwala a njoka motsata malangizo a alangizi a ziweto.

Palinso chikhulupiriro chakuti galu womenyedwa, womanidwa madzi kapena wodyetsedwa tsabola ndiye amakhala wolusa kwa akuba. Galu wotere amalusadi, koma sasankha. Yemwe amakumana naye tsiku lililonse si wakuba, koma mwana wa pakhomo pomwepo kapena wa a neba.

Apa mpomwe nkhani ya mkodzo wa kagalu imakumana ndi nkhani ya moyo wa anthu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati matenda a chiwewe amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo anthu anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onse amatenga matendawa kwa agalu. Kafukufuku wa madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe anatuluka mu 2007, anapeza kuti ana ena omwe ankaganiziridwa kuti amwalira ndi malungo a muubongo anali ndi chiwewe. Zizindikiro zikangoyamba kuonekera, mankhwala palibe.

Akatswiri amati chiwewe chimaleka kufala ngati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera alandira katemera. Koma katemerayo amabayidwa kwa galu yemwe wina watha kumugwira n'kupita naye. Galu wozolowera dzanja la munthu kuyambira ali wamng'ono, ngakhale mwana wa sukulu amapita naye kokabayitsa ndi kachingwe. Galu yemwe anakulira zikwapu amathawa, ndipo yemwe banja linatopa naye n'kumupirikitsa amathera kumisika ndi kumadzala, komwe palibe womubayitsa. Banja lomwe lalephera kupirira masabata ochepa a kukolopa limasiyira dera lonse vuto.

Thandizo lilipo. Bungwe loona za ufulu wa ziweto la LSPCA lakhala likugwira ntchito mu Lilongwe kuyambira mu 2008, ndipo alangizi a boma a ziweto nawonso amabaya katemera wa chiwewe, makamaka m'nyengo ya tsiku lokumbukira matendawa la pa 28 Sepitembala. Kagalu kayenera kukhala katabayidwa pofika miyezi itatu. Munthu akalumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala monga cha Kawale, Area 25 kapena Bwaila tsiku lomwelo osadikira kuti aone ngati galuyo apenga.

Ogula nawonso ali ndi mbali yawo. Kagalu kayenera kukhala ndi make mpaka masabata 8. Tiagalu toyanikidwa padzuwa m'mphepete mwa msewu nthawi zambiri timakhala tatengedwa msanga, topanda katemera ndiponso taludzu kale, ndipo aliyense wogula amalimbikitsa mchitidwewu. Malamulo a dziko lino amaletsa kuzunza nyama, choncho khonsolo ya mzinda ndi apolisi asamayang'anire kumbali.

Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Banja lomwe likufuna mlonda wodalirika liyambe ladzifunsa ngati pakhomopo pali munthu wokonzeka kudzuka usiku kwa miyezi iwiri kapena itatu, kudzaza mbale ya madzi mmawa uliwonse ndi kupita ndi kagaluko kukatemera. Ngati munthu wotere palibe, ndi bwino kagaluko kakhale kaye kwa make.