Za kwathu tizimange m'kaphukusi kake

Acinyamata ambili ku Chipata, ku Lusaka ngakhale kuno ku Chadiza ayamba kulemba mapulogilamu ang'onoang'ono: kaundula wa kopaletivu ya alimi, buku la ngongole za pa golosale, ndandanda ya zidziŵitso za malilo pa wailesi. Timakondwela nazo. Koma ambili amathila zonse m'mphika umodzi. Malamulo a ndalama, a nambala ya foni ndi a NRC amamwazikana mu code yonse. Ife tikuti zinthu za kwathu izi zizikhala m'kaphukusi kapadela, package m'cinenelo ca olemba code, ndipo kazikula ndi kuyesedwa pambali pa pulogilamu yaikulu.

Cifukwa coyamba n'cakuti za kwathu zimasintha. Pa 1 January 2013 Bank of Zambia inacotsa mazilo atatu pa kwaca. K1,000 yakale inasanduka K1, makobili a ngwee anabwelelanso, ndipo cizindikilo ca ZMK cinakhala ZMW. Amene analemba za ndalama pa malo makumi aŵili anafunika kusaka malo onsewo. Amene anaziika pamalo amodzi anakonza kamodzi. Mafoni nawonso: tinazoloŵela 095, 096 ndi 097, kenako kunabwela 076 ya MTN ndi 077 ya Airtel. Fomu imene imangovomela nambala yoyamba ndi 09 imakana mlimi amene ali na nambala yabwinobwino. Iye sadziŵa za code. Amangoona kuti dzina lake palibe.

Kuno ku Chadiza nkhaniyi ni yaikulu, cifukwa Mozambique ili pafupi ndipo Malaŵi si patali. Wopeleka cidziŵitso ca malilo angakhale na nambala ya +260, wacibale wake ya +258, wina ya +265. Palinso maina. Dzina monga Ng'oma lili na kacizindikilo kamene mafomu ena amakana, ndipo ŵ imasanduka kabokosi kapena funso ngati pulogilamu siinakonzedwe bwino. NRC nayo ili na kaimidwe kake: manambala 6, kamzele, manambala 2, kamzele, nambala imodzi. Amene amapanga zida ku California saganizako zimenezi. Ni nchito yathu.

Kacitidwe kake si kovuta. Pa laputopu mumakhala mafoda aŵili oyandikana, ina ya pulogilamu yaikulu, ina ya kaphukusi. Ndiye mumazilumikiza. Mu Python mumalemba pip install -e na kuloza foda ya kaphukusi. Mu JavaScript muli npm link. Mu PHP, Composer imalola kuloza foda ya pa makina anu na mawu akuti path. Mukasintha mzele umodzi m'kaphukusi, pulogilamu yaikulu imaona kusinthako osadikila kuti mukatumize pa intaneti na kukatenganso. Kwa ife amene timaŵelenga mabando na kudikila malaiti a ZESCO, phindu lake n'loonekelatu.

Kaphukusi kazikhala na mayeso ake. Lembani mayeso ocepa, mwacitsanzo na pytest: kodi 077 ipita? Kodi Ng'oma alembeka bwino? Kodi K10.50 kuphatikiza K0.50 ipatsa K11.00? Kenako yesani pulogilamu yonse ili na kaphukusiko m'kati. Gudumu la ngolo lingakhale lozungulila bwino, koma mudzadziŵa kuti likwana mukaliika pa ekiselo.

Pali msampha umodzi. Kulumikiza kuja kumagwila pa makina anu cabe. Mnzanu akatenga pulogilamu, foda ija kwa iye kulibe, ndipo zonse zimaima. Conco musanapeleke nchito kwa mwini, masulani cilumikizo, patsani kaphukusi nambala yake monga 1.0.0, kaikeni monga mmene mlendo angakaikile, ndipo yesaninso. Pulogilamu yaikulu ilembe nambala yeniyeni imene ikudalila.

Ena adzati, “Imwe, pulogilamu ya kopaletivu imodzi, mafoda aŵili n'ngaciani?” Funso ili lili na nzelu. Ngati ni cinthu ca mlungu umodzi, musavutike. Ena adzakumbutsa za left-pad. Mu March 2016 Azer Koçulu anacotsa pa npm kaphukusi ka mizele 11 cabe, ndipo mapulojekiti ambilimbili padziko, kuphatikizapo Babel, analephela kumangika. Zoona, kudalila maphukusi kuli na ngozi. Koma phunzilo lake n'lakuti tizidziŵa zimene tikudalila na kusunga kope yathu. Kaphukusi kamene mwalemba mwekha, kali pa makina anu, na mayeso ake, palibe angakakulandeni usiku.

Mapulogilamu akuluakulu amayenda motele. DHIS2, imene imapangidwa ku University of Oslo ndipo Unduna wa Zaumoyo kuno umaigwilitsila nchito, imalola maiko kuwonjezela ma app awo osagwila thunthu. OpenMRS nayo ni thunthu na ma module. Acinyamata amene amakumana ku BongoHive ku Lusaka, malo amene anayamba mu 2011, angatengeko kaphukusi kolembedwa ku Chadiza ngati kali koyela na koyesedwa.

Apa ndiye pagona nkhani. Lelo aliyense akulemba yekha lamulo la nambala ya foni, ndipo aliyense akulakwitsa mwa njila yake. Mmodzi akalilemba bwino na kuliika poyela pa GitHub, wa ku Katete na wa ku Petauke sayambanso pa zilo. Yambani na cinthu cimodzi mlungu uno. Tsegulani pulogilamu yanu, sakani malo onse pamene munalemba 09, zisamutsileni mu foda yake, ndipo lembani mayeso atatu.