Ndende yokha siingathetse kuphana

Munthu akabayidwa pamalo omwera mowa, kapena achifwamba akapha mwini golosale, mawu omveka pamaliro amakhala amodzi: wopalamulayo akafere kundende. Mkwiyowu ndi womveka ndithu. Koma chigamulo cha khoti chimabwera malemu ataikidwa kale, ndipo funso loti maliro otsatira apewedwa bwanji limasowa wolifunsa.

Mzinda wa Glasgow ku Scotland udali ndi mbiri yoipa yobayana ndi mipeni, makamaka pakati pa anyamata a m'magulu olimbirana madera. M'chaka cha boma cha 2004/05 anthu 137 adaphedwa m'dziko la Scotland. Apolisi ankamanga, makhoti ankagamula, koma azing'ono awo a omangidwawo ankakula n'kutola mipeni yomweyo.

Mu 2005 apolisi a m'chigawo cha Strathclyde adakhazikitsa nthambi ya Violence Reduction Unit, motsogozedwa ndi John Carnochan, wapolisi wofufuza milandu yakupha, ndi Karyn McCluskey, yemwe adaphunzirapo unamwino. Awiriwa adatsatira ganizo lomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidafalitsa mu 2002, loti chiwawa chili ngati nthenda: chili ndi gwero, chimapatsirana, ndipo chimapeweka. Yemwe adaona kolera wa 2022 ndi 2023 m'dziko muno sangavutike kumvetsa. Diripi imapulumutsa wodwala, koma mliri sutha anthu akamatungabe pachitsime choipa.

Mu 2008 anyamata a m'magulu aja adaitanidwa kubwalo la milandu la mumzindawo, osati kudzazengedwa mlandu koma kudzamvetsera. Madokotala adawaonetsa zithunzi za nkhope zong'ambidwa. Mayi wina adawafotokozera momwe mwana wake adakhapidwira. Apolisi adawauza maso ndi maso kuti mmodzi akavulaza munthu, gulu lonse lisakidwa. Kenaka aliyense adapatsidwa nambala ya foni yoti aimbe akafuna maphunziro, ntchito kapena thandizo losiyira mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Nawo masukulu a mumzindawo adachepetsa kuthamangitsa ana ovuta, pozindikira kuti mwana wochotsedwa sukulu amakalandiridwa ndi magulu omwewo. Patatha zaka 10, ophedwa ku Scotland adatsika kufika pafupifupi 60 pachaka.

Wina asanamizidwe kuti uku kudali kunyengerera zigawenga. Mu 2006 chilango chachikulu cha opezeka ndi mpeni pagulu chidakwera kuchoka pa zaka ziwiri kufika zinayi, ndipo apolisi ankasecha achinyamata kwambiri, mpaka ena kudandaula kuti zanyanya. Komanso chiwawa chidatsika m'maiko enanso nthawi yomweyo, kotero ulemu wonse sungapite ku nthambi imodzi. Chomwe chidasintha n'choti ndodo idabwera limodzi ndi khomo lotulukira. Mnyamata woledzera amene wasolola mpeni salingalira ngati akakhale zaka 10 kapena 20. Chimene chingamugwire dzanja n'kudziwa kuti agwidwa ndithu, kapena kukhala ndi ntchito yoti asaitaye.

Kuno kumudzi, bwalo lalikulu la milandu lidagamula mu 2009 kuti kuthithikana kwa akaidi m'ndende n'kuphwanya ufulu wawo. Mnyamata wolowa m'malo otere chifukwa cha ndewu ya pamowa amagona phewa ndi phewa ndi mbava zokhwima, ndipo sukulu yake imakhala imeneyo.

Pali njira ina yosalira ndalama zambiri. Ku Cardiff, m'dziko la Wales, dokotala Jonathan Shepherd adaona kuti ambiri mwa omenyedwa omwe ankawasoka sankakadandaula kupolisi. Chipatala chidayamba kulemba malo, nthawi ndi chida chomwe chavulaza munthu, osatchula dzina, n'kumapereka kwa apolisi ndi khonsolo, omwe ankadziwa potumiza apolisi usiku ndi malo omwera mowa ofunika kuwaunika. Chipatala chilichonse cha boma kuno chimasoka mabala a zikwanje ndi mabotolo, makamaka kumapeto kwa mwezi ndi nyengo yogulitsa mbewu. Akuluakulu a zaumoyo, apolisi, mafumu ndi makhonsolo akhale pansi kamodzi pamwezi ndi kaundula wa mabalawo, aone kuti akuchokera pabala iti, tsiku liti ndi nthawi yanji.