SAYANSI-SOUTH AFRICA: Liwiro Ndilo Chuma Pofufuza Kuphulika kwa Nyenyezi

CAPE TOWN – Pafupifupi tsiku lililonse, masetilaiti amagwira kung'anima kwa mphamvu yotchedwa gamma-ray, komwe kumachitika nyenyezi yaikulu ikafa kapena nyenyezi ziwiri zolemera kwambiri zikagundana. Nthawi zambiri kung'animaku sikupitirira mphindi zochepa, ndipo kuwala kotsalira kumazilala msanga. Wochedwa kuloza makina ake kumwamba amapeza zitatha.

Ichi n'chifukwa chake bungwe la South African Astronomical Observatory, lomwe likulu lake lili mu mzinda uno, lakhala lofunika kwa akatswiri a m'maiko ambiri. Bungweli limayang'anira malo a Sutherland, m'chigawo chouma cha Karoo, komwe thambo limakhala loyera usiku. Mu 2014 kumeneko anaikako makina oonera nyenyezi a MASTER-SAAO, ochokera ku Moscow State University. Makinawa akalandira uthenga wa setilaiti amatembenuka okha, osadikira munthu.

Phindu lake linaoneka mu Ogasiti 2017, pamene nyenyezi ziwiri zinagundana kutali kwambiri, mtunda womwe kuwala kumayenda zaka 130 miliyoni. Makina aakulu a SALT ku Sutherland anali m'gulu la oyamba kupima kuwalako. Kafukufuku wa padziko lonse pa chochitikachi anasonyeza kuti miyala yolemera, monga golide, imapangika m'kugundana kotereku.

Koma makina apansi amadalira uthenga wochokera kumwamba, ndipo masetilaiti odziwika pa ntchitoyi akalamba: Swift anaponyedwa mu 2004, pomwe Fermi anaponyedwa mu 2008. Apa ndi pomwe timasetilaiti ting'onoting'ono tikupezera malo. Kasetilaiti ka GRBAlpha, kotalika masentimita 10 mbali zonse, kanaponyedwa mu 2021, ndipo pa 9 Okutobala 2022 kanapima kung'anima kowala koposa konse komwe kunalembedwapo, pamene zida zina zazikulu zinathobwa m'maso.

Luso lopanga timasetilaiti totere liripo kale ku Cape Town. Sukulu ya ukachenjede ya Cape Peninsula University of Technology inapanga ZACube-1, yemwe anaponyedwa mu 2013, kenako ZACube-2 mu 2018, wolondola sitima zapanyanja.

Chotsalira ndi kulumikiza maluso awiriwa. Pokhapokha mayunivesite a kum'mwera kwa Africa atapanga zida zawo zogwira kung'animaku, chigawochi chidzapitiriza kupereka malo ndi thambo loyera, koma uthenga woyamba uzichokera kwa ena.