Mutu Umodzi Susenza Denga

M'masitolo ogulitsa zipangizo zomangira nyumba mwalowa chizolowezi chimene atsogoleri a chipani pamodzi ndi antchito a boma ayenera kuchiganizira mofatsa. Malonda akatsika, mwini sitolo amachotsa antchito ena, ndipo wotsalayo amamusenzetsa ntchito zonse: kugulitsa, kulemba malisiti, kuwerenga katundu ndi kukweza matumba a simenti m'galimoto.

Chifukwa chake nchodziwika. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Zipangizo zambiri zomangira zimachokera kunja, motero mitengo inakwera ndipo ogula anachepa. Kugwa kwa People's Trading Centre mu 2022 kunasonyeza kuti ngakhale kampani yaikulu ikhoza kutseka zitseko zake. Palibe amene angakane kuti eni masitolo ali pa mpanipani.

Komabe mutu umodzi susenza denga. Mlimi wa ku Namitambo kapena ku Mbulumbuzi m'boma la Chiradzulu, amene wagulitsa nandolo wake kuti afolere nyumba ndi malata, akafika m'sitolo kwawo konko kapena ku Limbe amadalira nzeru za wogulitsa. Wogulitsa wodziwa ntchito ndiye amene amamuuza kuti malata a geji 28 ngokhuthala kuposa a geji 32, namuwerengera misomali ndi matabwa molingana ndi kukula kwa nyumbayo. Munthu wotere akachotsedwa, ntchito yake nkugwera mnyamata wotopa amene akuthamangira mbali zinayi nthawi imodzi, mlimiyo amabwerera kumudzi ndi katundu wosayenera. Ndalama za chaka chonse zimalowa m'madzi, ndipo mawa sadzapondanso m'sitolomo. Phindu limene mwini sitolo anayesa kusunga limathera pomwepo.

Pamene kuchepetsa antchito sikungapeweke, lamulo liyenera kutsatidwa. Lamulo la zantchito la Employment Act la mu 2000, monga linakonzedwera mu 2010, limati wochotsedwa chifukwa cha mavuto a zachuma alandire malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, a masabata atatu kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi kufikira chakhumi, ndi a masabata anayi pa chaka chilichonse chotsatira. Wodandaula ali ndi ufulu wopita ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, ndipo zikakanika kumeneko, ku bwalo la Industrial Relations Court.

Nkofunika tsono kuti maofesala a zantchito aziyendera masitolo amenewa, ndi kuti atsogoleri a m'madera afotokozere anthu lamuloli pa misonkhano yawo. Wantchito amene wapatsidwa ntchito za anthu awiri aphunzitsidwe ntchitozo ndipo malipiro ake akwere. Denga lolimba la mlimi wa ku Chiradzulu limayambira pa wogulitsa wodziwa ntchito yake.