Bodza la bwana, mlandu ndi wako

Mkonzi,

Ndikutsutsa kalata ya sabata yatha ija yonena kuti wantchito akanama m'malo mwa bwana wake alibe mlandu chifukwa ndi wotumidwa chabe. Ayi, bambo amene mudalemba kalatayo, pamenepo mwaphonya.

Bwerani pa Dwangwa nthawi yokolola mpunga. Mnyamata wa venda amaipinda sikelo, thumba la makilogalamu 50 n'kumawerenga 45, iye n'kumalumbira pamaso pa mayi amene walima chaka chonse kuti sikeloyo ndi yolondola. Pitani kwa makontilakitala ena odulitsa nzimbe kumapeto kwa mwezi. Kalaliki amauza aganyu kuti "bwana kulibe" pomwe galimoto yawo ili kuseri kwa ofesi. Aganyuwo akagona ndi njala, kalalikiyo angati manja ake ndi oyera?

Mwaiwala Cashgate ya 2013? Kafukufuku wa Baker Tilly adapeza kuti ndalama za boma pafupifupi K24 biliyoni zidabedwa m'miyezi isanu ndi umodzi. Ndalamazo sizidatuluke zokha. Panali anthu olemba mapepala a katundu amene sadabwere n'komwe, ena n'kusainira. Amene adanjatidwa sanali akuluakulu okha, ngakhale antchito wamba a m'maofesi owerengera ndalama adalowa m'chitokosi.

Ntchito ndi yosowa, zoona. Koma kusunga chinsinsi cha pantchito n'kosiyana ndi kubera mlimi. Akakuchotsani chifukwa chokana bodza, pitani ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti la Industrial Relations. Bwana amalipira thukuta lanu, osati chikumbumtima.

Wowerenga wanu,
Dwangwa, Nkhotakota