Msonkho wa nyumba: kodi mukuopa yani, inu a khonsolo?

M'mizinda yathu maloya odzipatsa okha achuluka. Kalata ya msonkho wa nyumba, uja timati ma city rates, ikangofika, yankho amakhala nalo kale. Uyu akuti sanasainirane pangano lililonse ndi khonsolo. Uyo akuti puloti anagula kwa amfumu, ndiye za mzinda sizikumukhudza. Winanso akutulutsa lisiti la ground rent ya ku Unduna wa za Malo, ati analipira kale, asamudyere kawiri.

Zonsezi n'zopanda mutu. Msonkho si ngongole ya katapila yoti mpaka usaine. Gawo 171 la Malamulo Aakulu a dziko lino limafuna kuti msonkho uliwonse, wa boma kaya wa khonsolo, ukhale ndi lamulo louloleza, ndipo lamulolo lilipo: Local Government Act ya 1998. Ground rent ndi ya mwini nthaka, pomwe ma city rates ndi a ntchito za mzinda. Amene akuona kuti nyumba yake aikweza mtengo mopyola, njira ilipo: akadandaule kaundula wa mitengo ya nyumba akatuluka. Kung'amba kalata si kudandaula.

Nanga inu mameya, makhansala ndi mabwana a khonsolo za Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, mwangoti zii bwanji? Munapita liti ku Chilomoni kapena ku Area 25 kukafotokoza zimenezi m'chinenero choti gogo wa nyumba zalendi amve? Lamulo limati kaundula uja aziunikidwanso pa zaka zisanu zilizonse. Wanuyo ndi wa chaka chiti? Nyumba zosanja zomwe zamera m'mphepete mwa mizinda zilimo? Ngati mulibe, mukufuna wolembedwayo alipire ndi mtima wotani pomwe neba wake wa mpanda wamagetsi simukumudziwa n'komwe?

Pakati pa 2005 ndi 2014 dziko lino linalibe makhansala, ndipo woti "ndilipirenji popanda wondiyimira" ankamveka, ngakhale ngongole yake sinkafufutika. Lero makhansala mulipo. Chonamizira chimenecho chinatha, kwa iwo ndi kwa inu omwe.

Pitani mumsika wa Limbe m'mamawa. Mayi asanagulitse mulu umodzi wa tomato, wodula ziphaso waima kale pa benchi pake. Mayiyo samatchula gawo la lamulo. Amamasula mfundo ya chitenje n'kulipira. Changu chimenechi chimathera kuti mukafika pa geti la mwini magolosale? Lamulo lomweli limakulolani, kudzera kukhoti, kugulitsa nyumba ya amene wakakamira ngongole kwa zaka. Mwagulitsapo zingati? Za yani? Nanga nthambi za boma zomwe mumadandaula nokha kuti sizilipira, maina awo mumawabisiranji? Kapena mukuopa kuti pamndandandawo papezeka anzanu a chipani?

Chodandaula choti zinyalala zikuwolera pamsewu ndipo magetsi a m'misewu anazima kalekale n'choona, ngakhale sichimasula munthu ku msonkho. Koma chimenecho ndiye chimapatsa maloya abodza aja owamvera. Chaka chatha munatolera zingati? Zingati zinagula mafuta a galimoto zotola zinyalala, ndipo zingati zinathera ku maalawansi a misonkhano ya kunyanja? Mapepala ake ali mu ofesi iti, tibwere tidzawerenge?